Mayi wa Diresi Lachikasu

Nsalu ija anaizindikira isanatambasulidwe n'komwe. Kangodya kokha ndi kamene kanasuzumira m'pepala lokulungira, kali ndi timitanda tobiriwira ta masamba a mtengo, ndipo phazi la telala linangoima lokha pachopondera cha makina. Chinthu chimene unachiboola ndi singano mpaka chala kuuma ngati chikopa sungachiiwale.

Amene anabwera nayo anali mkazi wamtali, woonda, wa mafuta onunkhira olowa m'shopu mwini wake asanafike. Zikhadabo zake zinali zazitali, zofiira psuu, zoti singano ikagwa pansi angoitsanzika.

"Amayi, andilozera kwa inu. Matelala onse a mumsewu uno akuti zopetapeta ndi inuyo."

"Sananame," anatero telala. "Tambasulani tione."

Mkazi uja anayala nsaluyo patebulo lodulira n'kuisalaza. Zonse zinalipo monga kale: nyumba ya chitseko chofiira, mtengo pambali pake, pansi pa mtengowo bambo atakhala pampando buku lili kumaso, ndipo pafupi naye mayi wojintcha wa diresi lachikasu ataima, manja ali m'chiuno. Tsiku limene inagulidwa nsaluyo inali yoyera mbee, koma tsopano inali itathimbirira ndi dzuwa ndi fumbi la zaka zambiri zokhala pakhoma m'felemu yopanda galasi.

Bambo wa buku uja anali mwamuna wake wakale. Mayi wojintchayo anali iyeyo.

Mwamunayo anthu ankawatcha a Mabuku, ndipo dzinalo ankalikonda kuposa lawo lenileni. Zaka zoyambirira za banja ankaphunzira kuti akwezedwe pantchito, ndiye m'nyumba simunkafunika phokoso. Mwana asalire, supuni isagwe. "Makina akowo akundilowa m'mutu," ankatero, maso osachoka pabuku. Telala ankavundikira makina ake dzuwa likadali pamwamba, koma manja ozolowera ntchito sakhala pamiyendo. Anagula nsalu ya timabowo, ulusi wamitundumitundu ndi mkombero wokungira nsalu, n'kuyamba kupeta timitanda, chifukwa ntchito imeneyo ilibe mawu. Kamtanda kamodzi, kenako kena, pambali pa munthu wosacheuka. Manja a mayi uja anawaika m'chiuno chifukwa zala zinkamukanika kupeta, ndipo a Mabuku ataona anaseka mpaka misozi. "Ndiwe ndithu ameneyu! Ndi mmene umaimira ukamandifunsa kumene ndachokera."

Atakwezedwa n'kukwezedwanso, anaona kuti mkazi wa pamakina sakugwirizana ndi mipando yatsopano. Tsiku losamuka anadikira kuti telala apite kushopu. Pobwera anapeza mashelefu ali pululu, pakhoma patatsala msomali wokha. Atawafunsa pafoni anayankha kuti felemu anagula ndi iwo. Za mipando telala sanadandaule, za mabuku ndiye anachita kuthokoza, koma msomali uja sanauzule. Ankauona m'mawa uliwonse, mtima n'kumuwawa ngati zachitika dzulo.

"Ndi ya amuna anga," anatero mkazi wa zikhadabo. "Tsiku lawo lobadwa layandikira, ndiye ndikufuna ndiwadzidzimutse. Amakonda kuwerenga koma khosi limawavuta. Mundisokere pilo wotsamira powerenga, uja wokhala ndi thumba loikamo buku ndi chogwirira pamwamba. Chithunzichi chikhale kutsogolo. Ndachichotsa m'felemu iwo osadziwa, ndipo sangazindikire, chimakhala kuseri kwa chitseko m'chipinda cha alendo."

Choncho uyu ndiye anali wolowa m'malo. Telala anali atangomva mbiri yake, nkhope asanaione. Anamuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato ngati akumuyeza diresi, n'kufunsa ndi mawu ozizira.

"Anapeta ndani?"

"Malemu apongozi anga. Ine sindinawaone, koma amuna anga amati manja awo anali odalitsika."

Apongozi! Mayi amene sankatha kulowetsa ulusi pasingano, amene batani likathothoka ankalisunga m'kapu kudikira mkazi wa mwana wawo! Mayi yemweyo amene akamupeza akupeta ankafunsa ngati ntchito m'nyumbamo zinatha. Zosiyidwa anali atazimeza, poti banja limatha anthu n'kukhalabe ndi moyo. Koma kumulanda ndi manja omwe, n'kukawapereka kumanda kwa munthu amene ankamunyoza, chimenecho ayi.

"Ndipo nkhani yake ndi yokoma," anapitiriza mkazi uja. "Akuti amayi awo anawapeta iwowo ali ndi mkazi amene adzamukwatire m'tsogolo. Analipo wina poyamba, koma akuti kumeneko kunali kuphonya msewu. Ndiye kuti uyu ndineyo. Kungoti..." Anagogoda diresi lachikasu ndi chikhadabo. "Mayiyu wanenepa udyo. Nanga kaimidwe kakeka, ngati akufuna ndewu pampopi! Mumumasule, mupetepo wina woonda ngati ine, wa diresi labuluu. Zitheka?"

Wometa wa khomo loyandikana ankamveka akuseka ndi makasitomala ake. Telala anali ndi sizasi yaikulu kudzanja lamanja, ndipo anaiika pansi pang'onopang'ono, patali.

"Zitheka," anatero.

"Sipatsala ulusi wachikasu?"

"Ngakhale kamodzi, asisi. Ndichotsa wonse ndi manja angawa."

Mkazi uja anapita, fungo lake linatsala. Maganizo oyamba amene anamubwerera telala anali a singano. Singano imodzi yoiwalidwa m'thonje, cha pofika khosi. Anaikonda nkhaniyo kwa kanthawi ndithu, mpaka anaimva mfuu ya a Mabuku m'makutu mwake. Kenako anaganiza zongoipinda nsaluyo, kuiika m'chikwama n'kupita nayo kumsomali wake, mwini ntchito akabwera kumuuza kuti makoswe. Koma za singano zimathera kupolisi, ndipo nsalu yosowa ikanawapatsa a Mabuku mpata womutcha wakuba pa chinthu chake chomwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anakunga nsaluyo pamkombero, anatenga kachitsulo komasulira ulusi, n'kukhala pafupi ndi zenera.

Kudzimasula wekha ndi ntchito yowawa. Anayambira kumpendero wa diresi, kudula kumbuyo, kusolola kutsogolo, mzere ndi mzere. Malo aliwonse ankawakumbukira. Apa mwana anali ndi chikuku. Apa ulusi wachikasu unatha m'sitolo, anakaupempha kwa mnzake, n'chifukwa chake m'chiuno mtundu unasiyanako pang'ono. Apa a Mabuku analakwa mayeso n'kusiya kulankhula ndi aliyense m'nyumba, ngati kuti amene analemba mayesowo anali mkazi ndi mwana. Ulusi unkatuluka wopotanapotana n'kumaunjikana pamiyendo pake. Analira, tisabise, ndipo kunali kulira kwa mkwiyo, mphuno akupukuta ndi kachidutswa ka nsalu ya kasitomala wina.

Atamaliza mutu ndi mikono anaimika mkombero pazenera kuti aone ngati patsala ulusi. Ulusi panalibe. Koma mayi uja analipo. Pamene panali timitanda dzuwa silinafikepo zaka zonse zija, ndiye nsalu ya pansi pake inali idakali ngati tsiku logula. Pakati pa nsalu yothimbirira panaima mayi woyera mbee, wojintcha, manja ali m'chiuno, wowala kuposa nyumba, mtengo ndi bambo wa buku yemwe.

Zimenezi aliyense wopeta amazidziwa, ndipo mankhwala ake sali patali. Umawiritsa masamba a tiyi, n'kunyika nsalu yonse kuti mtundu ufanane, ikauma umatseka timabowo ndi chala n'kusita. Telala anali atachitapo kangapo pa nsalu za anthu, moti manja anayamba okha. Anatereka ketulo, anathira masamba, anakonza beseni. Tiyi atafiira bwino anabwerera pazenera kukatenga mkombero, ndipo anaima maso ndi maso ndi mayi uja. Anapezeka kuti nayenso manja ali m'chiuno.

Anasiya mkombero pomwepo. Anatenga kapu, anathiramo tiyi uja ndi shuga wokwanira, n'kukhala pansi kumwa akumuyang'ana mnzake wa pazenera. Tiyi wokoma ngati ameneyo anali asanamwepo chaka chimenecho.

Mkazi woonda anamupeta pakatikati pa malo oyerawo, ndipo sanamupete mwachinyengo ayi. Anasankha buluu wabwino, anamupatsa khosi lalitali ndi nsapato zazitali, n'kumalizira ndi timadontho tofiira kumapeto kwa manja. Koma munthu woonda sangadzaze malo a munthu wojintcha. Kumanja kunatsala koyera, kumanzere kunatsala koyera, pamwamba pa tsitsi panatsala mutu wina, ndipo zigongono ziwiri zinatulukira uku ndi uku.

Pilo anamusoka ngati wa mpikisano. Kumbuyo kwa chithunzi anamata nsalu yolimbitsa kuti timitanda tisakokeke. M'mbali anazunguliza nsalu yakuda bii, podziwa kuti choyera chimawala bwino pafupi ndi chakuda. Thumba la buku matelala ambiri amaliika kutsogolo, buku likalowa n'kuphimba theka la chithunzi. Iye analiika kumbuyo. Chogwirira anachibwereza kusoka kuti chisadzathothoke ngakhale munthu atachikoka mokwiya. Pa thonje ndi pamene anatayira nthawi: lothina m'munsi, lofewa m'mwamba, kumanzere kokwererako pang'ono, chifukwa khosi limenelo ankalidziwa kuposa dokotala aliyense. Analithowa zaka zambiri. Ankafuna pilo woti munthu ukamutsamira kamodzi, wina aliyense azikhala ngati njerwa.

Tsiku lodzatenga kunali mitambo. Telala anamutengera mkazi uja kumapeto kwa shopu, kuseri kwa madiresi opachika, kumene ngakhale masana umafunika kutsinzinira kuti uone bowo la singano.

"Mayo ine! Ndine ndithu!" Mkazi uja anaomba m'manja mosamala, kuopa zikhadabo. "Ndi zikhadabo zomwe! Amayi, Mulungu akudalitseni. Chimayi chija chapita."

"Ndikukulungireni, angamuone panjira," anatero telala, pepala lili kale m'manja.

Kenako anadikira. Mawu anali atawakonza kale, ena a mkazi, ena a mwamuna, ndipo ankawanola akusoka. Chithunzithunzi chilichonse chodutsa pakhomo chinkamudzutsa mutu. Tsiku lobadwa lija linafika n'kudutsa, osamva kanthu. Apa mtima unayamba kumutsika. Bwanji ngati sanaone? Bwanji ngati m'nyumba mwawomo makatani sakutsegulidwa, kapena a Mabuku anangoti zikomo n'kumuponya pilo m'chipinda cha alendo, kuseri kwa chitseko komwe kuja? Ndiye kuti anadzimasula yekha ndi manja ake popanda phindu, n'kupetapo mnzake mwaluso, ndi zikhadabo zomwe. Kunyumba msomali uja unkachita ngati ukumuseka.

Koma mlandu suola. M'mawa wina dzuwa likulowa bwino pakhomo la shopu, pakhomopo panaima munthu wa jekete, jumbo lalikulu lili m'manja. Tsitsi linali litachepa, mimba itakula, koma kutsokomola asanalankhule kunali komwe kuja.

"Amake mwana."

"Takulandirani, bambo. Ndi buluku kapena malaya?"

"Usandichite chipongwe." A Mabuku anasolola pilo mwaukali, jumbo n'kung'ambika, ndipo anamuponya patebulo lodulira. Dzuwa linagwera pomwepo. Mayi woyera anawala, mkazi wabuluu ali pamimba pake ngati kamwana. "Chotsa ichi."

"Ndichotse chiyani?" Telala anayendetsa chala pamalo oyerawo. "Pali ulusi apa? Madamu anati ndichotse wachikasu, ndinachotsa wonse. Popanda ulusi ndimasula chiyani?"

"Ndachapa ndi sopo. Ndakwecha ndi mswachi. Chikungoyererayerera!"

"Nsalu yabwino imatero. Ndinachita kusankha ndekha. Pepani, anasankha amayi anu."

A Mabuku anakhala pabenchi ya makasitomala osauzidwa, anavula magalasi n'kumapukuta ndi tayi.

"Sukudziwa zimene zikuchitika kunyumba," anatero motsitsa mawu. "Tsiku la phwando mkazi wanga anamasula pepala pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, anthu onse alipo. Ataona choyeracho anakuwa n'kugwada pansi. Akuti ndi amayi anga, abwera ngati mngelo kudzamufungatira." Analoza zigongono zija ndi magalasi. "Izi akuti ndi mapiko."

Telala anayesa kudzigwira koma zinakana. Chikhakhali chinaphulika mpaka anagwira tebulo, misozi ili mbwembwembwe, ndipo kukhomo loyandikana makina a wometa anazima kuti amve bwino.

"Mapiko! Ine mapiko! Zaka zonse zija munkati ndine wapakamwa, lero ndamera mapiko!"

"Tsitsa mawu. Mlendo aliyense akabwera amamuonetsa. Azakhali ake anabwera kudzajambula pafoni. Ndikakhala pampando popanda pilo, amandifunsa ngati ndawakwiyira amayi. Ndikamutembenuza, akadutsa amamutembenuzanso. Buku ndikatsegula zilembo sindiziona, ndimangoona iweyo waima pambali, ukundifunsa kumene ndachokera."

"Ndiye mumayankha kuti chiyani?"

A Mabuku anabwezera magalasi kumaso. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

"Ngati akukuvutani, mutayeni," anatero telala. "Bini ili pakona apo."

"Nditaye bwanji ntchito ya manja a amayi..." Anadziluma lilime, koma mawu anali atatuluka kale. Bodza analimanga okha, analifolera okha, ndipo tsopano linali litawatsekera m'kati.

"Nanga khosi lili bwanji?"

"Lasiya kuwawa," anayankha akuyang'ana pansi, ngati akuvomera mlandu.

Telala anamva kukoma kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi. Chisoni anachifunafuna mumtima, poti munthuyu anali bambo wa mwana wake, koma sanachipeze.

"Njira ilipo, ndikudziwa," anatero a Mabuku. "Ndayenda msewu wonse uno, aliyense akuti zopetapeta ndi iwe. Chizimiririke basi. Kunyumba ndikanena kuti amayi abwerera kumwamba."

"Njira ilipo, ndipo siitenga nthawi. Koma ntchitoyi sinabwere ndi inu, inabwera ndi madamu. Mukawauze amene anapeta nsaluyi. Mukawauzenso chifukwa chake munthuyo ankapeta chamumtima makina ali ovundikira. Akamva, abwere ndi piloyu okha, anene ndi pakamwa pawo kuti mayiyu achoke, ndipo achoka tsiku lomwelo."

"Ukudziwa kuti zimenezo sindinganene."

"Ndiye kawerengeni bwino, bambo. Amayi anu akuyang'anirani."

A Mabuku anaimirira. Anayang'ana jumbo long'ambika lija, anayang'ana pepala lokulungira limene linali pashelefu, koma telala anali atakhala kale pamakina, akulowetsa ulusi. Ananyamula pilo pachogwirira n'kutuluka. Panja wometa ndi makasitomala ake anali ataima pakhonde, wina mutu wometedwa mbali imodzi, onse maso ali pa mayi woyera amene ankalendewera m'manja mwa bambo wa jekete. A Mabuku anatembenuza pilo msangamsanga, chithunzi n'kuchigunditsa pachifuwa, ndipo anamufungatira ndi manja awiri kuti wina asaone.

Telala anasuzumira pazenera. Anawaona akukwera msewu wonse choncho, atamukumbatira mayi wojintcha pamtima, zolimba kuposa mmene anamugwirirapo m'zaka zonse za banja lawo. Atakhota pakona, anaika phazi pachopondera n'kuponda ndi mphamvu zake zonse, makina n'kulira mpaka tsidya lina la msewu.